WiFi yakunyumba ikakana pasiwedi inu muli pa msewu



Ife amene timagona kunja masiku ambiri pa mwezi timawadziwa mafoni ochokera kunyumba. Kale ankakhala akuti ufa watha, mwana wathamangitsidwa fizi, kapena kumudzi kwagwa zovuta. Masiku ano pawonjezeka ina: "WiFi yakana, ikuti pasiwedi ndi yolakwika." Wina angaione ngati nkhani yaing'ono, koma geni yathu yambiri ikuyendera pa WhatsApp. Timajambula nsalu ku Kariakoo kapena nsapato ku Johannesburg n'kutumiza kunyumba, kuti amene watsala pa shopu aonetse makasitomala tisanatulutse ndalama. Maoda amabwereranso momwemo. Ena tinaika makamera pa shopu oti tizionera pa foni. Kabokosi kaja kakangotseka, munthu umagula katundu mongoganizira, ndipo kugula kotero n'kumene kumatisiya ndi mabelo osayenda malonda.

Zimene tikulemba pano tazitola kwa zaka zingapo, zina kunyumba kwathu, zina kwa anzathu amene timakwera nawo basi. Rauta ikakana, musayambe ndi kukanikiza kabatani ka reset, ndipo musayambe ndi kuloza anthu zala. Yambani mwafunsa kuti chakana kwenikweni n'chiyani. Kabokosi kamodzi kameneka kali ndi maloko anayi, ndipo loko aliyense ali ndi kiyi wakewake. Wa kunyumba akangoti "pasiwedi yakana", mufunseni kuti akuwerengereni mawu amene alembedwa pa sikirini, kapena ajambule ndi foni ina akutumizireni.

Loko woyamba ndi pasiwedi ya WiFi, imene timalemba pa foni kuti ilumikizike. Ameneyu ali ngati kiyi wa pa geti, anthu ambiri a pakhomo amakhala naye. Wachiwiri ndi pasiwedi ya admin, yolowera pa tsamba limene mumasinthira zonse za rautayo. Ameneyu ndi kiyi wa kuchipinda kosungira ndalama, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti aliko. Wachitatu ndi PIN ya SIM khadi imene ili mkati mwa rauta. Wachinayi ndi loko wa kampani: rauta yogulidwa ku Joni nthawi zambiri imakhala yomangidwa ku netiweki imene inaigulitsa, kaya Vodacom, MTN kapena Telkom, moti mukaikamo SIM ya TNM kapena Airtel imafunsa khodi. Mankhwala a loko mmodzi sagwira pa mnzake.

Tiyambe ndi wa pa geti, chifukwa ndi amene amavuta kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri sipakhala wakuba aliyense. Choyamba yesani foni ina. Ngati mafoni ena onse akulowa koma imodzi yokha ndiyo yakana, vuto lili pa foniyo. Mwina ikukumbukira pasiwedi yakale. Pitani pa dzina la WiFi, musankhe Forget, mulembenso mwatsopano mutatsegula kadiso koonetsa zilembo. Pasiwedi imasiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono. Ziro ndi chilembo O zimafanana, 1 ndi l yaing'ono chimodzimodzi, ndipo foni zina zimaika kampata kumapeto mukamata pasiwedi yokopera pa meseji. Onaninso dzina la WiFi bwinobwino. M'malokeshoni athu nyumba zitatu zoyandikana zimatha kukhala ndi marauta a mtundu umodzi, mayina ake n'kumasiyana manambala anayi omaliza okha, munthu n'kumalimbana ndi rauta ya aneba.

Pali zina ziwiri zimene zimaoneka ngati pasiwedi koma si pasiwedi. Rauta iliyonse ili ndi malire a mafoni amene ingalandire. Ka MiFi ka m'thumba kamadzaza msanga, ena pa mafoni 10, ena 16, ndipo kakadzaza, foni yobwera pambuyo imangozungulira osalowa. China ndi bandulo. Foni ikalemba kuti yalumikizika koma palibe intaneti, ndiye kuti pasiwedi yalandiridwa, chatha ndi data kapena netiweki yagwa. Zonsezi zisanafike patali, thimitsani rauta, mudikire mphindi imodzi, muyatsenso. Kuthimitsa ndi kuyatsa sikufufuta kanthu, n'kosiyana ndi reset.

Kenako pali magetsi. Dzinja lina tili pa Nyamapanda, kudikira kuti basi iwoloke, a kunyumba anaimba kuti dzina la WiFi yathu lasowa, pabwera dzina lachilendo la zilembo ndi manambala. Iwo anali atagamula kale kuti mnyamata wa nyumba yoyandikana walowerera. Titafunsa bwino, tinamva kuti usikuwo kunali mvula ya ziphaliwali, magetsi anathima n'kubwera katatu. Rauta inali itafufuta zonse yokha n'kubwerera mmene inachokera ku fakitale. Chithunzi cha sitika ya pansi pa rautayo chinali m'foni mwathu, tinawawerengera pasiwedi yolembedwa pamenepo, WiFi inalowa. Pakanapanda kufunsa, tikanadana ndi aneba popanda chifukwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chizindikiro chake musachiiwale: dzina la WiFi likabwerera la pa sitika, ndiye kuti rauta yachita reset, kaya yokha chifukwa cha magetsi, kaya munthu wakanikiza kabatani. Dzina likakhala lomwe lija koma pasiwedi n'kukana pa mafoni onse, ndiye kuti wina walowa pa tsamba la admin n'kuisintha. Magetsi sasintha pasiwedi n'kusiya dzina. Pa nkhani ya magetsi yomweyi, samalani ndi chaja. Marauta a ku Joni amabwera ndi mapulagi a mano ozungulira, osalowa m'masoketi athu a mano a makona, ndiye anthu amangotola chaja china chilichonse chimene chalowa pabowo. Werengani pa sitika, ambiri amalemba 12V ndi mphamvu yake. Chaja chochepa mphamvu chimachititsa rauta kumangozima n'kudzuka, mafoni n'kumagwa pa WiFi ngati pasiwedi yavuta.

Tsopano kiyi wa kuchipinda. Tsamba la admin mumalipeza polemba manambala pamene mumalemba adiresi ya pa intaneti. Marauta ambiri a Huawei ndi 192.168.8.1, a ZTE ndi a TP-Link kawirikawiri ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Zimalembedwanso pa sitika. Foni iyenera kukhala pa WiFi ya rautayo, data ya foni mutaithimitsa. Ngati WiFi yakana, pali khomo lina: chingwe cha netiweki kuchokera pa rauta kupita pa laputopu sichifunsa pasiwedi ya WiFi, ndipo MiFi yambiri imalowa ndi chingwe cha USB. Mukalowa choncho, ndipo pasiwedi ya admin mukuidziwa, mukhoza kuona kapena kusintha ya WiFi osafufuta kanthu.

Pa tsamba limeneli ndi pamene anthu amatsekeredwa kunja. Mukalakwitsa kangapo motsatizana, marauta ena katatu, ena kasanu, amatseka kwa mphindi zingapo. Apa musapitirize kuponya mapasiwedi ngati mukuchita njuga, chifukwa marauta ena amawonjezera nthawi yodikira. Khalani pansi, mukumbukire. Yesani ya pa sitika. Yesaninso pasiwedi ya WiFi yomweyo, chifukwa marauta ena a Huawei pa tsiku loyamba amafunsa ngati mukufuna kuti ziwirizi zikhale zofanana, ndipo amene anakuikirani mwina anavomera. Ngati rauta munaitenga ku kampani ya intaneti imene inabwera kudzakoka waya, mwina pasiwedi ya admin ili ndi iwowo, ndipo iwo ndi oyenera kuimbiridwa.

Koma pali mauthenga awiri amene mukawaona mutchere khutu. Woyamba: mwangotsegula tsambalo, simunalembepo kanthu, koma likuti mwayesa kambiri, dikirani. Ndiye kuti pali wina pa WiFi yanu amene wakhala akuyesa. Wachiwiri: likuti pali wina amene walowa kale ngati admin. Marauta ena amalola munthu mmodzi yekha nthawi imodzi. Ngati si inu, ndipo si amene munamusiyira kiyi, funsani kuti ndani.

Loko wa SIM ndi woopsa mwa njira ina, chifukwa sakhululuka. PIN mukailakwitsa katatu, SIM imatseka n'kufuna PUK. PUK ndi manambala 8 olembedwa pa kapulasitiki kamene munathyolapo SIM ija. Mukailakwitsa ka 10, SIM yafa, muyenera kupita ku ofesi ya kampani ndi chiphaso kukatenga ina, ndipo ngati inalembetsedwa m'dzina lanu inu muli ku Dar es Salaam, a kunyumba adikira mpaka mubwere. Choncho auzeni ana kuti sikirini ikatchula PIN kapena PUK, manja m'thumba. Khodi yomasulira rauta ya ku Joni nayonso ili ndi mwayi wowerengeka woyesera. Makhodi otola pa intaneti akatha mwayiwo, rauta imakhala yomangika ku netiweki yake mpaka kalekale. Pogula funsani ngati imalandira SIM ya kampani iliyonse, ndipo ngati n'kotheka aikemo SIM ina inu mukuona.

Tifike pa nkhani ya anthu. Pasiwedi ikasinthidwadi, tisathamangire kuganiza za akatswiri a kunja. Mwa nkhani zimene tamva kwa anzathu, wosintha amakhala wapafupi. Mwana wa sekondale amene watopa ndi azibale ake omaliza bandulo amalowa pa admin n'kusintha kuti azidya yekha. Mnyamata amene munamulipira kuti akuikireni rauta amasunga pasiwedi ya admin, ena mosaganizira choipa, ena kuti muzimuitana n'kumamulipira nthawi zonse. Wantchito wa pa shopu amene munasiyana naye mokangana amapita ndi pasiwedi m'foni mwake, ndipo WiFi imadutsa mpanda, safunika kulowa pa geti. Zonsezi zimatheka mosavuta ngati pasiwedi ya admin idakali ija ya ku fakitale. Pa marauta ambiri akale dzina ndi admin, pasiwedi ndi admin, ndipo mwana aliyense wodziwa kufufuza pa Google amazipeza.

Pasiwedi ya WiFi imayendanso yokha. Kuyambira pa Android 10, foni imene yalowa kale imatha kuonetsa kachithunzi ka QR, mnzake n'kujambula n'kulowa, inu osauza munthu chilichonse. Mlendo mmodzi wa Lamlungu amatha kugawira mzere wonse wa nyumba. Palinso mapulogalamu a pa foni olonjeza WiFi yaulere. Amagwira ntchito potola mapasiwedi m'mafoni a anthu amene awaika n'kugawira ena, moti mwana wanu akaika pulogalamu yotere, pasiwedi ya kunyumba kwanu ikhoza kupita nawo. China ndi WPS, njira yolumikizira foni popanda kulemba pasiwedi. Ili ndi PIN ya manambala 8, ndipo mu December 2011 katswiri wina, Stefan Viehböck, anaonetsa kuti rauta imayesa manambalawo m'zigawo ziwiri, moti wakuba safunika kuyesa koposa ka 11,000. Kwa kompyuta imeneyo ndi ntchito ya maola ochepa. Pa marauta akale amene WPS ili yoyaka, pasiwedi ngakhale italika bwanji imapezeka.

Wina anganene kuti akaba ndi data chabe, tigula ina. Apa ndi pamene tikufuna mumvetsetse. Rauta ya SIM imalandira mameseji ngati foni, ndipo mamesejiwo amawerengedwa pa tsamba la admin. Marauta ena amalolanso kuimba makhodi a nyenyezi aja pa tsamba lomwelo. Ambirife tikagula rauta timaikamo layini yakale imene ili m'kabati, osakumbuka kuti layiniyo ndi imene tinalembetsa ku banki, ku Mukuru, pa Facebook kapena pa imelo. Khodi yotsimikizira imene banki imatumiza imafikira mu rauta, ndipo aliyense wodziwa pasiwedi ya admin amaiwerenga ali pa khonde.

Mayi wina mnzathu wa geni ya zitenje zinamuonekera. Anapita ku Dar es Salaam sabata ziwiri, pakhomo n'kusiya ana ndi mphwake wa amuna ake amene ankadikira ntchito m'tauni. Ali komweko anamva kuti tsamba la admin likukana, koma poti WiFi inkagwira, anati adzaona akabwera. Tsiku lolipira katundu anapeza kuti pulogalamu ya banki pa foni yake ikukananso, ndipo ndalama zina za oda zatuluka. Mnyamata uja ankadziwa nambala ya akaunti ndi tsiku lobadwa la mayiwo chifukwa mapepala ankakhala m'nyumba momwemo, ndipo makhodi a banki ankafikira mu rauta. Pasiwedi ya admin anaisintha kuti wina asaone mamesejiwo. Ndalama zinapita, ndipo nkhani inakathera pa ankhoswe, chifukwa kumanga mwana wa achimwene a amuna ako si chinthu chapafupi. Kukana kwa tsamba la admin kuja kunali chenjezo loyamba. Ngati pali chimodzi choti muchite lero, onani kuti mu rauta yanu muli layini iti. Muikemo SIM ya data yokha, yosalembetsedwa ku banki kapena kwina kulikonse kokhudza ndalama.

Akuba a kutali nawonso alipo, ndipo iwo sasankha nyumba. Amatumiza mapulogalamu oyendayenda pa intaneti usana ndi usiku, kugogoda pa rauta iliyonse ndi mapasiwedi a ku fakitale. Mu 2016 pulogalamu yotchedwa Mirai inkayesa mayina ndi mapasiwedi pafupifupi 60 okha, koma inagwira marauta ndi makamera ambirimbiri, ndipo mu October chaka chimenecho inagwiritsidwa ntchito kugwetsa Twitter ndi Netflix kwa anthu ambiri ku America. Mwezi wotsatira, mtundu wina wa pulogalamu yomweyo unasokoneza marauta pafupifupi 900,000 a makasitomala a Deutsche Telekom ku Germany. Mu 2018 marauta oposa 100,000, ambiri a ku Brazil, anasinthidwa chinthu chotchedwa DNS, ndipo anthu akalemba adiresi ya banki yawo ankafikira pa tsamba labodza lofanana ndendende ndi lenileni.

DNS ndi imene imalozera foni yanu njira yopita ku tsamba limene mwalemba. Madalaivala mumvetsa: zili ngati munthu wazula zikwangwani pa mphambano ya ku Tete n'kuzitembenuza, inu mukuti mukupita ku Zobue pamene mukulowera kwina. Zina mwa ziwembu za ku Brazil zinkalowera mkati mwa nyumba: munthu watsegula tsamba loipa pa foni kapena pa kompyuta, tsambalo mwakachetechete n'kuyesa admin ndi admin pa rauta. Zizindikiro zake ndi izi: foni ikuchenjeza kuti tsamba la banki si lotetezeka pa WiFi ya kunyumba koma pa data ya foni likutseguka bwinobwino, masamba achilendo akungotseguka okha, bandulo ikutha usiku anthu ali mtulo, kapena pa tsamba la admin mwapeza manambala a DNS amene simunaike. Mukaona chenjezo lotere musakanikize zoti pitirizani, ndipo musalembe pasiwedi ya banki.

Ngati mwatha kulowa pa admin, onani mndandanda wa mafoni amene alumikizika, mujambule. Koma musathamangire kukalalatira aneba chifukwa cha dzina limodzi lachilendo. TV, dekoda ndi kamera zimaoneka ndi mayina osamveka, ndipo mafoni atsopano a Android ndi iPhone amabisa nambala yawo yeniyeni, moti foni ya mkazi kapena mwamuna wanu yemwe ikhoza kuoneka ngati ya mlendo. Njira yosavuta ndi kuthimitsa WiFi pa zipangizo zonse za m'nyumba n'kuona chimene chatsala. Pa chifukwa chomwechi, kutsekera foni imodziimodzi pa mndandandawo sikuthandiza kwenikweni, ikhoza kubwereranso ndi nambala ina. Chothandiza ndi kusintha pasiwedi.

Nanga reset tipange liti? Pamene pasiwedi ya admin yakanikadi, mwadikira, mwayesa ya pa sitika, mwafunsa onse a pakhomo. Kapena pamene mwaona zizindikiro zoti wina wasintha zinthu mkati. Musanakanikize, onani ngati sitika ikuwerengeka, chifukwa mukatha reset kiyi wanu ndi womwewo basi. Ngati intaneti yanu ndi ya waya, pamakhala dzina ndi pasiwedi zimene kampani inaika mkati, ndipo reset imazifufuta. Zifunseni kaye, apo ayi mukhala masiku kudikira amisiri. Rauta ya SIM nthawi zambiri imadzipezera yokha APN, koma yochokera kunja imatha kufuna kuti muilembe pamanja, ndiye ifunseni ku kampani ya layini yanu. Dziwaninso kuti makamera ndi TV zonse zigwa pa WiFi mpaka muziikenso. Mukakonzeka, rauta ili yoyaka, lowetsani kawaya kapena kamtengo kotokosera m'mano pa kabowo kolembedwa Reset, mugwire masekondi pafupifupi 10 mpaka magetsi ake aphethire, musiye, mudikire idzuke yokha.

Ikadzuka, ndondomeko yake ndi yofunika. Yambani ndi pasiwedi ya admin, ikhale yatsopano ndi yosiyana ndi ya WiFi. Kenako dzina ndi pasiwedi ya WiFi. Ngati reset inachitika chifukwa cha magetsi, mukhoza kubwezera dzina ndi pasiwedi zakale, ndipo makamera adzalowa okha. Ngati mukukayikira munthu, zonse zikhale zatsopano. Pa mtundu wa chitetezo sankhani WPA2 kapena WPA3, osati WEP, ndipo osasiya potseguka. Thimitsani WPS. Thimitsani Remote Management, imene imalola munthu kulowa pa admin ali kunja kwa nyumba. Pezani pamene palembedwa Update kapena Firmware, mulole rauta itenge zatsopano, ndipo pa nthawiyo magetsi asathime, ngati muli ndi batire kapena inveta igwiritseni ntchito. Ngati munaona zizindikiro za DNS zija kapena layini ya banki inali mu rauta, sinthaninso mapasiwedi a banki, imelo ndi Facebook pogwiritsa ntchito data ya foni, ndipo imbirani banki tsiku lomwelo.

Pasiwedi yabwino ndi yaitali. WiFi imalola kuyambira zilembo 8, koma 8 ndi poyambira chabe, fikani 14 kapena kuposa. Nambala ya foni yanu ili pa chikwangwani cha shopu. Nambala ya thiraki aliyense amaiona. Dzina la mwana ndi chaka chobadwa ndi zoyamba kuyesedwa ndi wachibale. Tengani mawu atatu kapena anayi a Chichewa osagwirizana, muike manambala pakati, mwachitsanzo dzina la ndiwo, dzina la phiri ndi chipangizo cha galimoto. Ndi yosavuta kuiwerengera munthu pa foni muli pa boda, koma yovuta kuiganizira.

Vuto lathu ife oyenda ndi lakuti kiyi tikamusunga tokha, a kunyumba amavutika tikachoka, ndipo tikapatsa aliyense, palibenso loko. Kunyumba kwathu timachita chonchi. Mapasiwedi onse awiri, PIN ndi PUK zinalembedwa m'kope limene limakhala pamodzi ndi mapepala a nyumba, mokiyidwa. Munthu mmodzi yekha wamkulu ndi amene amadziwa ya admin. Chithunzi cha sitika chili m'foni mwathu. Pasiwedi sitiitumiza pa gulu la banja la WhatsApp, chifukwa m'gulu muja muli anthu makumi atatu ndipo mafoni amabedwa. Rauta ili kuchipinda, pamwamba, osati pabalaza, chifukwa aliyense wotha kuigwira akhoza kukanikiza reset, kuwerenga sitika, n'kukhala mwini wake.

Tikudziwa kuti kwathu kuno kumana mlendo pasiwedi kumaoneka ngati kumumana madzi akumwa. Marauta ambiri ali ndi Guest WiFi, dzina lachiwiri lokhala ndi pasiwedi yakeyake, limene pa marauta ambiri silifika pa tsamba la admin. Alendo, alendi ndi makasitomala apatseni imeneyo, ndipo muziisintha mwezi ndi mwezi popanda kukhudza makamera. Palibe amene akhumudwe. Wantchito akachoka, sinthani pasiwedi tsiku lomwelo, monga mmene mumasinthira loko wa pa shopu. Si kumuganizira zoipa, ndi dongosolo la geni.

Inu a mathiraki, MiFi ya m'galimoto ndi rauta yomweyo, maloko ake ndi omwewo. Pa malo ogona mathiraki mumagawana pasiwedi ndi anzanu, n'zabwino, koma ya admin ikhale yosinthidwa, ndipo layini imene kampani kapena banki imakutumizirani makhodi isakhale mmenemo. Rauta yogula kwa munthu, kaya pa msika wa Limbe kaya ku Musina, ipangeni reset musanaigwiritse ntchito, chifukwa simudziwa zimene mwini wake woyamba anasiyamo. Ndipo wina akaimba kuti ndi wa ku kampani ya netiweki, akufuna kukonza rauta yanu, mumuuze pasiwedi kapena khodi imene yabwera pa meseji, dulani foni. Imbani nokha pa nambala ya kampani imene mukuidziwa. Achenjezeninso a kunyumba, chifukwa akuba amenewa amakonda kuimba mwini nyumba ali pa ulendo.

Kulowa mu rauta ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu. Ku Malawi kuli lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ku South Africa kuli Cybercrimes Act ya 2020. Ngati ndalama zatuluka, jambulani zonse zimene mungathe musanapange reset, chifukwa reset imafufutanso umboni, kenako pitani ku banki ndi ku polisi. Achinyamata athu amene amaona ngati kuthyola WiFi ya aneba ndi masewera, tiwauze zimenezi.

Tisananyamuke timaona pasipoti, timawerenga ndalama, madalaivala mumazungulira galimoto kugogoda matayala. Pa ulendo ukubwerawu onjezanipo mphindi makumi awiri: tembenuzani rauta mujambule sitika, lowani pa admin muone ngati kiyi wanu akutsegula, onani layini imene ili mkati, ndipo muuze wa kunyumba kumene kope lili. Wakutsina khutu ndi mnansi. Amene muli pa msewu muyende bwino, katundu awoloke mwamtendere.